Zigamba zosunthasuntha pa lilime: chimayambitsa n'chiyani, nanga zimatha?

Nachisale_09

Moni nonse. Pamwamba pa lilime pamatuluka zigamba zofiira, zosalala, zozunguliridwa ndi kamzere koyera kokhotakhota. Sizikhala malo amodzi: lero chigamba chili kunsonga, pakapita masiku angapo chapola, china chatulukira m'mbali. Masiku ambiri sizipweteka, koma ukangodya nanazi kapena ndiwo za tsabola, moto weniweni. Kuchipatala akuti ndi geographic tongue ndipo palibe choopsa. Nanga chimayambitsa n'chiyani? Pali mankhwala othetseratu? Ena akuti mavitamini achepa, ena akuti ndi mafangasi. Odziwa tithandizeni chonde.

ManoAthanzi

Achemwali, mwafotokoza bwino kwambiri, ndipo mfundo yaikulu mwaitchula nokha: zigambazo zimasuntha. Gwiritsitsani pamenepo, chifukwa ndi pamene vuto limeneli limasiyanira ndi matenda ena a lilime.

Pamwamba pa lilime pali tinthu ting'onoting'ono tambirimbiri tosongoka, timene timachititsa lilime kuoneka lotuwirako ndi lokhakhala. Adokotala amatitcha filiform papillae. Pamalo pamene pali chigamba, tinthu timeneti tathothoka, ndiye khungu la pansi limaoneka lofiira ndi losalala. Kamzere koyera kam'mphepete ndi pamene kutupa kukuchitika panthawiyo, maselo oyera a m'magazi asonkhana pamenepo. Kamzereko kakamapita kutsogolo, kumbuyo kwake tinthu tija timamera n'kubwerera mwakale. N'chimodzimodzi moto wolusa m'tchire: kutsogolo kukupsa, kumbuyo msipu wayamba kale kuphuka. N'chifukwa chake sipatsala chipsera.

Mukayang'anitsitsa m'kati mwa chigamba muona timadontho tofiira totukuka pang'ono. Musaope, amenewo ndi ma papillae a mtundu wina, okhala ndi mbali yomvera kukoma kwa chakudya. Iwo sathothoka, angoonekera chifukwa anzawo achoka.

Si matenda atsopano. Dokotala wa ku France, Rayer, anawafotokoza mu 1831. Amapezeka mwa munthu mmodzi mpaka atatu pa anthu 100 aliwonse, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti ali nawo. Sapatsirana, kaya popsopsonana kaya pomwera kapu imodzi, ndipo sasanduka khansa. Mankhwala othetseratu palibe. Chimene chimachizidwa ndi ululu, ngati ulipo.

Kambuzi_Original

Kunena kuti "palibe mankhwala" ndiye chiyani adokotala? Matenda opanda mankhwala alipo? Kungoti simunawapeze.

ManoAthanzi

Achimwene, mankhwala oletsa kuti zigamba zisadzatulukenso sanapezeke, zimenezo ndi zoona. Ochepetsa ululu alipo, tifikako.

MaiAnamwino_KK

Ndisanaiwale, aliyense wowerenga pano asangodziuza yekha kuti zake ndi zomwezi. Njira yotsimikizira ndi yosavuta ndipo siifuna ndalama. Jambulani lilime ndi foni m'mawa musanadye, musanatsuke m'kamwa, mutaima pawindo pomwe pali kuwala kwa dzuwa. Tochi ya foni imabisa kufiira, musaigwiritse. Jambulani pamwamba, kenako mbali zonse ziwiri. Bwerezani pakatha masiku awiri kapena atatu alionse kwa milungu itatu. Zigamba zikasintha malo ndi maonekedwe, ndi geographic tongue. Banga kapena chilonda chikakhala pamalo omwewo milungu itatu yonse, imeneyo ndi nkhani ina, pitani akakuoneni. Zithunzizo kapiteni nazo, chifukwa kawirikawiri tsiku lokaonana ndi dokotala lilime limapezeka lapola.

Bambo_a_Tiya

Ine ndikuti ndi magazi ochepa basi. Amwe mapiritsi a iron ndi B complex mwezi umodzi aona.

LabuTech_Zomba

Bambo a Tiya, pamenepa ndi pamene anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Kuchepa kwa iron, vitamini B12 kapena folate kumasalalitsadi lilime, koma kumasalalitsa lonse. Limaoneka lonyezimira kuyambira kunsonga mpaka kumbuyo, lotuwa ngati vuto ndi iron, lofiira kwambiri ngati ndi B12, ndipo kamzere koyera kaja sikakhalapo. Silisuntha, limangokhala choncho mpaka munthu atalandira chimene chikusowa. Nthawi zambiri pamakhalanso zina: kutopa, kupuma mwawefuwefu pokwera chitunda, m'zikope motuwa, tizilonda m'makona a milomo, ndipo kwa B12 dzanzi kumapazi.

Kafukufuku wofuna kulumikiza geographic tongue ndi mavitamini alipo ndithu, makamaka pa zinc, koma zotsatira zake sizigwirizana. Ena amapeza kusiyana, ena osapeza kanthu. Anthu ambiri okhala ndi zigamba zimenezi magazi awo amatuluka abwinobwino.

Kuyezetsa kuli ndi phindu ngati pali zizindikiro ndatchulazi, ngati mayi amataya magazi ambiri posamba kapena wangobereka kumene, ngati munthu sadya nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, kapena ngati wakhala zaka akumwa metformin wa shuga, chifukwa ameneyu amachepetsa B12. Pemphani full blood count, kuyeza kumene kumawerenga maselo a m'magazi. Papepala lake onani Hb (muyezo wa kuchuluka kwa magazi) ndi MCV (kukula kwa maselo ofiira a m'magazi). MCV ikatsika pansi pa 80 timaganizira iron, ikapitirira 100 timaganizira B12 kapena folate.

Bambo_a_Tiya

Nanga kumwa mavitamini kungapweteke ndani? Si poizoni.

pharm_Limbe

Kungapweteke ndithu, m'njira zitatu zimene timaziona. Folic acid akamwedwa ndi munthu amene vuto lake ndi B12, magazi amakwera, pepala la labu limaoneka bwino, koma mitsempha imapitiriza kuwonongeka mwakachetechete. Zinc, malire ake kwa munthu wamkulu ndi 40 mg patsiku. Mukapitirira kwa miyezi amatsekereza copper kulowa m'thupi, mapeto ake kuchepa magazi komwe mumathawa kuja. Ndipo mapiritsi a iron ndi oopsa kwa ana aang'ono akawatola n'kuwameza ambiri. Ferrous sulphate wa 200 mg ali ndi iron 65 mg m'piritsi limodzi, amadzimbitsa, amadetsa chimbudzi. Ngati labu yanena kuti iron ndi wochepa, imwani, koma osati ndi tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa kuti alowe m'thupi. Ngati labu sinanene, ndalamazo gulirani usipa ndi mazira.

Nachisale_09

Zikomo kwambiri. Ndiye ngati si mavitamini, chimayambitsa n'chiyani kwenikweni?

mphunzitsi_wa_bio

Chimene chili ndi umboni wolimba kuposa zonse ndi chibadwa. Zimayenda m'magazi a kubanja. Funsani makolo ndi abale atulutse malilime, musadabwe kupeza wina ali nazo osadziwa.

Chachiwiri ndi ubale wake ndi psoriasis, matenda a khungu aja otulutsa zigamba zamamba m'zigongono, m'maondo ndi m'mutu. Kachidutswa ka lilime lotere kakaikidwa pa maikulosikopu kamafanana kwambiri ndi khungu la psoriasis, ndipo odwala psoriasis amakhala ndi zigamba za lilime kawirikawiri kuposa anthu ena. Akatswiri ena amafika ponena kuti ndi psoriasis wa m'kamwa, ena amakana. Koma musatembenuze mfundoyi: ambiri okhala ndi geographic tongue khungu lawo silidwala moyo wawo wonse.

Chachitatu, zimaonekanso mwa anthu a mphumu, eczema (matenda oyabwa a khungu) ndi chimfine chobwera ndi fumbi kapena mungu wa maluwa. Mwachidule, ndi chitetezo cha m'thupi chimene chimatekeseka msanga pa khungu la lilime. Nkhawa, kusagona ndi kusintha kwa mahomoni posamba kapena pa pakati zimatchulidwa ngati zodzutsa, osati zoyambitsa.

Chitedze77

Nkhawa nkhawa. Masiku ano chilichonse akuti nkhawa. Mutu nkhawa, m'mimba nkhawa, tsopano lilime.

mphunzitsi_wa_bio

Pamenepo sindikutsutsani kwambiri, umboni wake ndi wofooka kusiyana ndi wa chibadwa. N'chifukwa chake ndaiika kumapeto.

ManoAthanzi

Ndionjezepo za ming'alu. Ambiri okhala ndi zigambazi lilime lawo limakhalanso ndi ming'alu, umodzi wautali pakati ndi ina yaing'ono m'mbali. Ming'aluyo siipola ndipo si chilonda. Vuto lake ndi lakuti tinyenyeswa ta chakudya timakodwamo, ndiye m'kamwa mumanunkha, nthawi zina mumawawa. Kuyeretsa kwake: mswachi wofewa, wonyowetsa ndi madzi okha, kukokera kuchokera kumbuyo kubwera kunsonga kawiri kapena katatu, kamodzi patsiku. Pachigamba chofiira musapale ayi. Anthu amaona kamzere koyera kaja n'kumayesa litsiro, amakhula ndi mswachi wolimba kapena supuni mpaka magazi. Sikachoka, ndi khungu lenileni, ndipo kukhulako kumangowonjezera ululu.

Mlimi_wa_Ntchisi

Koma zoyera pa lilime si mafangasi amenewo? Kwathu timapaka GV zimatha.

MaiAnamwino_KK

Bambo, kusiyanitsa kwake ndi kotere. Tengani kansalu koyera kapena thonje, pukutani pang'ono. Zoyera za mafangasi zimakhala ngati mkaka wogona, zimachoka, pansi pake n'kutsala pofiira, mwina kutuluka timagazi. Zimapezekanso m'masaya ndi kumwamba kwa m'kamwa. Kamzere ka geographic tongue sikachoka ngakhale mupukute bwanji.

GV amagwiradi ntchito pa mafangasi, koma pa geographic tongue alibe chochita. Amangodetsa lilime moti dokotala sangaonenso chimene chili pansi, ndipo akakhala wamphamvu kapena akapakidwa masiku ambiri amawotcha khungu la m'kamwa. Chimodzimodzi mankhwala ena a mafangasi, nystatin ndi fluconazole. Anthu amamwa, zigamba zimasuntha zokha monga mwa chikhalidwe chake, iwo n'kumati mankhwala agwira. Zikabwerera amagulanso. Ngati mwamaliza nystatin masiku 7 zigamba zikungoyendayendabe, si mafangasi.

Ndipo munthu wamkulu akapezeka ndi mafangasi enieni m'kamwa, funso ndi lakuti abwera chifukwa chiyani. Ayezetse HIV ndi shuga, afunsidwe ngati wamwa maantibayotiki posachedwa kapena amagwiritsa kapopera ka mphumu kokhala ndi steroid (mankhwala ochepetsa kutupa) osachukucha m'kamwa akamaliza.

Anonimasi_265

Ndiye kuti geographic tongue ndi chizindikiro cha kachilombo? Anthu amanong'onezana choncho.

MaiAnamwino_KK

Ayi. Sichizindikiro cha HIV, ana a sukulu athanzi lawo amakhala nazo. Chimene chimayenda ndi kutsika kwa chitetezo ndi mafangasi ndi china chotchedwa hairy leukoplakia: timizere toyera toimirira m'mbali mwa lilime, tosachoka popukuta komanso tosasuntha. Kuyezetsa HIV n'kwabwino kwa aliyense, koma chifukwa chake chisakhale zigamba zoyendayendazi.

ManoAthanzi

Poti tafika pa zofanana nazo, nazi zimene siziyenera kudikira. Chilonda chimene chatha milungu itatu osapola, makamaka m'mbali mwa lilime kapena pansi pake. Malo olimba mukagwira ndi chala, chifukwa chigamba cha geographic tongue chimakhala chofewa ngati lilime lonse. Banga loyera kapena lofiira losasuntha. Kutuluka magazi popanda chifukwa, dzanzi, kuvutika kumeza, mwanabere wolimba m'khosi wosaphwa. Osuta fodya, oika fodya m'kamwa ndi omwa mowa kwambiri, makamaka kachasu, asazengereze n'komwe. Khansa ya lilime poyamba kawirikawiri siipweteka, ndiye kusamva ululu sikutanthauza kuti zili bwino.

Chindoko nachonso chikafika gawo lachiwiri chimatulutsa zigamba zotuwa m'kamwa, kawirikawiri pamodzi ndi zotupa pathupi, m'zikhatho ndi kumapazi. Kuyeza magazi kumathetsa nkhani. Palinso chigamba chofiira chokhala pakatikati pa lilime chakumbuyo, chosasuntha, chimene nthawi zambiri ndi mafangasi.

Kopita: kuchipatala cha boma cha m'boma lanu funsani kwa a mano, madental therapist amaona lilime tsiku ndi tsiku. Akakayika amatumiza ku Kamuzu Central, Queens, Zomba Central kapena Mzuzu Central. Kudula kachidutswa kokayeza sikufunika pa geographic tongue yooneka bwino, maso ndi mbiri ya kusuntha zimakwana.

Kambuzi_Original

Mwatiopseza mokwanira. Tiuzeni za kudya tsopano. Munthu asiye tsabola moyo wake wonse?

Zakudya_ndi_Thanzi

Ayi achimwene, dzina lanulo lisasinthe. Zakudya sizimayambitsa zigamba, zimangowawitsa pamene khungu lili poyera. Nthawi imene lilime lapola idyani monga mwa masiku onse. Zigamba zikatuluka, zovuta kawirikawiri ndi izi: tsabola, nanazi, mandimu ndi malalanje, matimati osaphika, mango osapsa, bwemba, malambe, viniga wa mu tchipisi ndi saladi, zakumwa za gasi, zamchere wambiri monga mtedza wokazinga ndi mchere, ndi chilichonse chotentha kwambiri. Nanazi ndiye mfumu yake, chifukwa kuwonjezera pa asidi ali ndi bromelain amene amagaya mapuloteni, ndiye pakhungu lopanda chotchinga amaluma kawiri. Wophika kapena wa m'chitini savuta kwambiri popeza kutentha kumapha bromelain.

Musasiye zonse nthawi imodzi, mudzangodzimana chabe osadziwa cholakwa. Chotsani chimodzi kwa milungu iwiri, lembani m'kope ngati ululu wasintha, kenako chibwezereni. Ambiri amapeza kuti zowavuta ndi ziwiri kapena zitatu zokha.

Nsima ndi tiyi zidikireni zizizireko. Tsabola akakuwotchani, madzi sathandiza kwenikweni chifukwa chowawa cha tsabola sichisungunuka m'madzi. Mkaka wozizira kapena chambiko ndiye zimachotsa. Vumatani kwa kanthawi musanameze.

Chitedze77

Thobwa bwanji?

Zakudya_ndi_Thanzi

Wa lero sawawitsa. Wogona masiku awiri wasasa, ameneyo aluma.

pharm_Limbe

Chimene anthu amachiiwala ndi mankhwala otsukira mano, chikhalirecho amafika pa lilime kawiri patsiku. Tembenuzani chubu kapena katoni yake muwerenge. Mukaona sodium lauryl sulfate, ameneyo ndiye wochititsa thovu ndipo amaumitsa ndi kuyabwitsa khungu la m'kamwa mwa anthu ena. Oyeretsa mano, a timbewu tonunkhira tamphamvu ndi a sinamoni nawonso amaluma. Sankhani opanda sodium lauryl sulfate koma okhala ndi fluoride, apo ayi muchiza lilime n'kuwoletsa mano. Yesani kwa mwezi wathunthu musanaweruze. Ikani pang'ono chabe pa mswachi.

Madzi ochukuchira m'kamwa okhala ndi alcohol asiyeni. Chlorhexidine nayenso si wa vutoli: amaluma, amadetsa mano ndi lilime mukamugwiritsa nthawi yaitali, ndipo amasokoneza kakomedwe ka chakudya.

Zapakhomo zothandiza: theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda ya 250 ml, kuchukucha masekondi 30, kulavula, katatu patsiku. Mchere ukaluma, ikani soda wophikira muyezo womwewo m'malo mwake. Musachulukitse poganiza kuti wambiri achiza msanga. Kuyamwa kachidutswa ka ayisi musanadye kumaziziritsa kwa mphindi zingapo.

Gogo_wa_Data

Soda amene timathira m'thelere yemweyo?

pharm_Limbe

Yemweyo agogo, wa m'paketi wolembedwa bicarbonate of soda. Osati chidulo, mphamvu yake siyezeka, ndipo osati soda wopangira sopo, ameneyo amawotcha.

DrWaKuMudzi

Ndibwerere pang'ono pa nkhani ya mavitamini, chifukwa LabuTech anasiya chimodzi chimene kuno n'chofunika kuposa kumaiko a azungu: pellagra. Ndi kusowa kwa niacin, vitamini B3. Chimanga chili naye koma womangika moti thupi silimupeza mokwanira, ndiye munthu wodalira nsima popanda ndiwo zokwanira amagwidwa. Lilime limafiira kwambiri, limatupa, limawawa lonse, m'kamwa mumakhala zilonda. Chosiyanitsa ndi khungu: kuda ndi kusupuka kumene kumafika dzuwa, kuseri kwa manja, pamapazi, ndi mkombero wozungulira khosi ngati mkanda. Kenako kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique anadwala pellagra m'misasa ya kum'mwera kwa dziko lino, pamene mtedza unasowa pa chakudya chimene ankalandira. Mtedza ndi nsinjiro zili ndi niacin wambiri, nsomba ndi nyama chimodzimodzi.

Isoniazid, wochiza ndi woteteza TB uja, amathanso kuyambitsa pellagra chifukwa amasokoneza vitamini B6 amene thupi limagwiritsa popanga niacin. Amene ali pa mankhwalawa akaona lilime lofiira pamodzi ndi khungu lakuda m'khosi ndi m'manja akanene kuchipatala mwamsanga. Asasiye yekha mankhwala.

LabuTech_Zomba

Zoona adokotala, ndavomera. Koma a Nachisale sanatchule khungu, ndipo zawo zikusuntha.

DrWaKuMudzi

Eya, zawo si pellagra. Ndalembera ena amene adzafike pano atasaka za lilime lofiira.

Mlimi_wa_Ntchisi

Poti mwatchula chimanga, mgaiwa ndi ufa woyera wabwino ndi uti pa nkhani imeneyi?

Zakudya_ndi_Thanzi

Mgaiwa uli ndi mavitamini a B ndi zinc ochuluka chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga sizinachotsedwe. Kukonola ndi kuviika kumataya zambiri. Koma pa pellagra ngakhale mgaiwa paokha sukwanira, ndiwo ndizo zimapulumutsa: nyemba, nsinjiro m'masamba, usipa, matemba. Tabwererani ku lilime, anzathu, tisanafike pa mitengo ya feteleza.

Nachisale_09

Kkkk zikomo. Nanga masiku amene ululu wafika poti kudya kukuvuta, kuchipatala angapereke chiyani?

ManoAthanzi

Timayamba ndi ochititsa dzanzi. Benzydamine wa 0.15% wochukucha: 15 ml, masekondi 30, kulavula, ndipo mutha kubwereza pakatha maola awiri kapena atatu. Akaluma sakanizani ndi madzi muyezo wofanana. Musapitirire sabata popanda kuonedwanso, ndipo si wa ana aang'ono. Pali lidocaine wa 2% wopaka, kadontho pachigamba penipenipo. Chenjezo lake: akafika kukhosi munthu amatsamwa, ndipo lilime ladzanzi limalumidwa kapena kupsa ndi chakudya chotentha mwini wake osamva. Pakani pang'ono, osameza. Panado amathandizanso masiku ovuta.

Zikakanika timapita ku ma steroid a pamalo pomwepo. Triamcinolone wa 0.1% wa phala lomata m'kamwa: umitsani chigamba ndi thonje, ikani kadontho, kanikizani pang'ono osatikita, chifukwa mukatikita limasanduka mibulu n'kuchoka. Nthawi yabwino ndi mukatha kudya ndi pogona. Pa lilime silikhalitsa popeza lilime siligona, choncho zigamba zikakhala zambiri ndi bwino wochukucha: piritsi losungunuka la betamethasone la 0.5 mg m'madzi 20 ml, kuvumata mphindi ziwiri kapena zitatu, kulavula, osadya kapena kumwa kwa theka la ola. Amenewa alembe ndi dokotala, kwa sabata imodzi kapena ziwiri basi. Kwa ochepa amene zonsezi zalephera, akatswiri amayesa tacrolimus wopaka.

Onsewa amachepetsa ululu ndi kufiira. Mukasiya, zigamba zidzabweranso nthawi yake ikakwana.

DrWaKuMudzi

Apa ine ndisiyana nanu pang'ono. Steroid m'kamwa amaitana mafangasi, ndipo m'dera limene ambiri sadziwa za shuga wawo kapena za chitetezo chawo, ndingakonde munthu ayezedwe kaye asanapatsidwe. Komanso akangomva kuti piritsi losungunula linathandiza, mawa akagula yekha prednisolone n'kumameza. Ambiri mwa odwala amenewa chimene amafuna ndi kumva kuti si khansa. Akamva zimenezo ululu amaupirira.

ManoAthanzi

Pa kuyeza tagwirizana. Koma alipo ochepa amene amaonda chifukwa cholephera kudya, amenewo mawu okha sawakwanira.

DrWaKuMudzi

Amenewo inde. Ndipo ululu ukakhala wa tsiku lililonse ngakhale lilime litapola, kapena ukukula madzulo popanda chooneka, ganiziraninso za burning mouth syndrome (kumva kuwotcha m'kamwa popanda chilonda), kuuma m'kamwa chifukwa cha mankhwala ena, kapena shuga. Pamenepo steroid sathandiza.

pharm_Limbe

Ndipo chonde, mafuta a steroid opaka pakhungu, aja ena amadzola pofuna kuyera, asalowe m'kamwa. Asipirini naye osamuika pachigamba kuti asungunukirepo, amawotcha khungu n'kusiya chilonda choyera chenicheni. Spirit, adyo wosinja ndi madzi a mandimu chimodzimodzi. Amoxicillin alibe ntchito pano, palibe bakiteriya woti aphedwe.

Kambuzi_Original

Ndamva kuti osuta fodya sakhala nazo. Ndiye mankhwala ake si amenewo?

mphunzitsi_wa_bio

Kafukufuku anapezadi kuti zimachepa mwa osuta, mwina chifukwa utsi umalimbitsa khungu la lilime. N'chifukwa chake ena zimawatulukira atangosiya fodya. Koma kusinthanitsa zigamba zosapha ndi khansa ya m'kamwa, achimwene, malonda amenewo ndi oluza.

Mayi_wa_Mapasa

Nanga kwa ana? Mwana wa zaka zitatu akhoza kukhala nazo?

MaiAnamwino_KK

Akhoza mayi, ngakhale wocheperapo. Ambiri samva kanthu, kholo ndi limene limada nkhawa. Ngati akudya, akusewera, thupi silikutentha, musapake chilichonse. Akamakana zowawasa, mupatseni phala lozizirako, nthochi, mapeyala, mkaka. Ochititsa dzanzi monga lidocaine ndi benzocaine musamupake mwana wamng'ono, akameza amatha kukomoka kapena magazi ake kulephera kunyamula mpweya. Uchi ndi woletsedwa kwa mwana wosakwana chaka.

Thamangirani kuchipatala ngati pali kutentha thupi, tizilonda kapena matuza m'kamwa, m'manja ndi kumapazi, lilime lonse lofiira lotuluka timibulu pamodzi ndi zotupa pathupi, kapena mwana akukana kumwa ndipo akukodza pang'ono. Zimenezo si geographic tongue.

Nachisale_09

Funso lomaliza. Zimatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo zidzasiya zokha?

ManoAthanzi

Chigamba chimodzi chimatha masiku angapo mpaka milungu ingapo. Vuto lonselo limabwera ndi kupita kwa miyezi kapena zaka, pakati pake pamakhala nthawi yaitali lilime lili bwinobwino. Kwa ena limazilala akamakula, kwa ena limakhalapo. Kukoma kwa chakudya sikutayika. Nthawi zina zigamba zomwezo zimaoneka m'masaya, m'kati mwa milomo kapena pansi pa lilime, ndipo lamulo lake ndi lomwe lija la kujambula ndi kuona ngati zikusuntha.

Chitedze77

A pharm_Limbe, mankhwala a mano opanda sodium chakuti-chakuti aja sachita thovu, munthu umadziwa bwanji kuti mano ayera?

pharm_Limbe

Thovu silitsuka, mswachi ndiwo umatsuka. Mphindi ziwiri, kawiri patsiku, ndipo mukamaliza lavulani osachukucha ndi madzi kuti fluoride atsalire pa mano. Zilembo zotchula sodium lauryl sulfate zimakhala zazing'ono kwambiri, kawirikawiri pa katoni osati pa chubu, ndiye werengani musanataye katoniyo. Ena amangolemba SLS.